Mmene mungavekere mwana wopita ku audition ya ballet

Mwana akaitanidwa kumalo aulemu, makolofe timachita zinthu ziwiri osaganiziranso n'komwe. Timamutchenetsa kuti aposeko anzake, ndipo chilichonse chimene tikumugulira timatenga chokulirapo kuti adzakuliremo. Pa yunifolomu ya sukulu kapena zovala za kutchalitchi, nzeru imeneyi ilibe vuto. Pa audition ya ballet, mayeso amene sukulu zophunzitsa gule wa ballet zimasankhira ana, zinthu ziwirizi ndi zimene zimabisa luso la mwana.

Chifukwa chake chagona pa mmene mayesowo amayendera. Kaya ndi ku Royal Ballet School ya ku London, yomwe imalandira ana a zaka 8 mpaka 11 m'makalasi a Junior Associates ndipo okulirapo imawatengera ku sukulu yake yogonera komweko ya White Lodge ku Richmond Park, kaya ndi ku Elmhurst mu Birmingham, kaya ku National School of the Arts ku Braamfontein mu Johannesburg, mwana amayenera kuvina m'kalasi aphunzitsi akumuonerera. Ana amalowa pagulu, aliyense ndi nambala yake pachifuwa. Amayambira pa barre, chogwirira chija cha m'mbali mwa khoma, kenako amabwera pakati pa chipinda, n'kumalizira ndi kudumpha. Kwa mwana wamng'ono, aphunzitsi osankhawo sayembekezera kuti adziwe masitepe ambiri. Iwo maso awo amakhala pa thupi: msana waima bwanji, mawondo akuwongoka mpaka pati, mwendo ukutembenukira kunja kuchokera m'chiuno kapena akukakamiza ndi mapazi, phazi likaloza likupindika motani. Nsalu iliyonse yolendewera imaphimba chimodzi mwa zimenezi, ndipo chimene mphunzitsi sanachione sangachipatse malikisi. Chovala chabwino cha tsikuli ndi chomwe chikuonetsa thupi lonse momveka, komanso choti mwana akangoyamba kuvina aiwale kuti wachivala.

Yambani ndi kalata yoitanira

Musanapite ku shopu, werengani kalata kapena imelo ya sukuluyo mpaka pansi. Sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo amasiyananso malinga ndi msinkhu. Ena amatchula mtundu wa leotard (chovala chothina cha ovina, chophimba thunthu ngati chosambirira), ena amafuna kuti ana aang'ono avale sokosi miyendo ili pamtunda, ena amafuna tayiti. Zimene kalatayo yanena zimaposa malangizo onse ali m'munsimu. Pamene yakhala chete, valani zosavuta kwambiri.

Pali makolo amene sizimawakomera kuona mwana atavala zothina pagulu, ndipo nkhawa imeneyi ndi yomveka. Mwana sayenda ndi leotard mumsewu. Amavala tirakisuti pamwamba mpaka pakhomo pa chipinda chovinira. Ngati chipembedzo cha banja chikufuna kuti manja kapena miyendo ziphimbidwe, lemberani sukuluyo kudakali masabata angapo. Kufika tsiku lomwelo ndi siketi yaitali popanda kufunsa kumaika mwana pamalo ovuta, chifukwa ndi iye amene adzauzidwe kuti avule anzake akuona.

Leotard

Sankhani yamtundu umodzi, yopanda zonyezimira, yopanda zithunzi, yopanda kasiketi kosokerera m'chiuno. Tutu, kasiketi kotambalala ka ovina ballet, ndi ya pa siteji, isiyeni kunyumba. Leotard yopanda manja ndiyo yabwino chifukwa imaonetsa mapewa ndi msana wam'mwamba. Kwa mwana wosakwana zaka 10, ya zingwe zazikulupo za m'mapewa imakhazikika bwino kusiyana ndi ya tizingwe tating'ono, tomwe timakonda kutsetsereka pa mapewa opapatiza. Ngati kalata sinatchule mtundu, yakuda siilakwa. Ya buluu woderako kapena ya maruni nayonso ili bwino. Yoyera ndi zina zowala kwambiri zimaonekera mkati mwana akatuluka thukuta, choncho muzitenge pokhapokha ngati zili ndi nsalu yachiwiri mkati chakutsogolo.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amagula potengera zaka zolembedwa pa lebulo. Muyeso weniweni wa leotard ndi utali wa thunthu. Tengani tepi ya atelala, ikani poyambira pamwamba pa phewa, itsitseni kutsogolo, idutse pakati pa miyendo, ikwere kumsana mpaka ifike pa phewa lomwe lija. Nambala imeneyo ndiyo muyenera kuyerekeza ndi tchati cha kampani yopanga, kenako muonjezere muyeso wa chifuwa ndi chiuno. Ana awiri a zaka 9 akhoza kusiyana masaizi awiri athunthu pa muyeso umenewu.

Akaivala, musangomuyang'ana ataima chilili. Akweze manja onse m'mwamba, awerame kugwira pansi, apinde mawondo, akweze mwendo kumbali. Ngati zingwe zikulowa m'mapewa kapena nsalu ikukoka pakati pa miyendo, yafupika, ndipo mwana adzavina atakweza mapewa, zomwe aphunzitsi amaziona ngati chizolowezi choipa. Ngati nsalu ikupanga makwinya kumsana chakumunsi kapena kumatako ikulendewera, yakula. Mwana wovala yaikulu amangokhalira kuikoka ndi kukonza zingwe pamene anzake akumvetsera malangizo.

Nsalu ya thonje losakaniza ndi lycra (ulusi wotamuka) ndi yofewa pakhungu koma imasuluka, imatamuka ikakalamba ndipo imaonetsa thukuta. Ya nayiloni yofewa imasunga maonekedwe ake nthawi yaitali. Leotard ya pa kaunjika kapena yosiyiridwa ndi mkulu wake ndi yololedwa ndithu, bola muikoke m'mphepete mwa miyendo ndi m'mapewa: ikapanda kubwerera msanga, lasitiki yake inafa. Pochapa gwiritsani madzi ozizira, osathira mankhwala ofewetsa zovala, osasita, ndipo muyanike pamthunzi. Kutentha kumapha lycra.

Mkati mwake, panti wamba amatulukira m'mphepete ndipo amadula mzere wa chiuno. Ovina akuluakulu amangovala tayiti mkati mwa leotard. Kwa mwana, gulani panti wa ovina, wopanda misoko, wodulidwa mokwera, wamtundu wa khungu lake.

Tayiti, ndi nkhani ya mtundu wake

Tayiti ya ballet si ija yopyapyala ya kuofesi. Ndi yochindikala, nthawi zambiri ya denier (muyeso wa kuchindikala kwake) pakati pa 40 ndi 70, ndipo khungu silionekera. Imavalidwa mkati mwa leotard. Yabwino pa audition ndi ya mtundu wa convertible, yomwe ili ndi kabowo kunsi kwa phazi. Masukulu ambiri amauza ana kuti avule nsapato kuti aone phazi lenilenilo, zala zake ndi mmene likupindikira, ndipo ena amaonjezera kalasi yovina opanda nsapato. Ndi kabowo kaja mwana amangopindira tayitiyo m'kakolo m'masekondi ochepa. Ngati tayiti ili ndi msoko kumbuyo, uwongoke kuchokera pachidendene mpaka kumtunda, apo ayi mwendo umaoneka wokhota pamene suli wokhota. Poivala, isonkhanitseni m'manja mpaka kuphazi, n'kumaikweza pang'onopang'ono kuti isasiye mpata pakati pa miyendo.

Za mtundu tiyenera kukhalitsapo, chifukwa zimakhudza ana athu mwachindunji. Cholinga cha tayiti ndi nsapato pa ballet ndi choti mwendo uoneke chinthu chimodzi kuchokera m'chiuno mpaka kunsonga ya chala, mogwirizana ndi manja ndi nkhope. Pinki anasankhidwa kalekale ku Ulaya chifukwa amayandikira khungu la azungu. Pa mwana wakuda pinkiyo amagawa thupi pawiri, pamwamba mtundu wina, pansi mtundu wina. Dance Theatre of Harlem, gulu lomwe Arthur Mitchell ndi Karel Shook anakhazikitsa ku New York mu 1969, inayamba kuveka ovina ake matayiti ndi nsapato za mtundu wa khungu lawo m'zaka za m'ma 1970. Ku Britain zinatenga nthawi yaitali: mu 2018 m'pamene kampani ya Freed of London, mogwirizana ndi gulu la Ballet Black la Cassa Pancho, inatulutsa nsapato za pointe (zoimira pa nsonga za zala) zabulauni. Lero makampani monga Bloch ndi Capezio amagulitsanso mitundu ingapo ya bulauni, ndipo masukulu ambiri amalemba m'makalata awo kuti mwana avale pinki kapena mtundu wa khungu lake.

Ife timalimbikitsa mtundu wa khungu pomwe pali chilolezo, chifukwa mwendo wa mwana umaoneka wautali ndi wathunthu. Ngati kalata yangoti pinki, funsani. Chomwe simuyenera kuchita ndi kusakaniza, tayiti yabulauni ndi nsapato zapinki, kapena tayiti yapinki ndi nsapato zabulauni. Phazi limaoneka ngati laduka pa kakolo. Posankha bulauni wake, kokerani nsaluyo pa mkono wa mwana panja pa dzuwa, pakuti tayiti ikatamuka imawalirapo kusiyana ndi mmene imaonekera m'paketi.

Nsapato zabulauni zikasowa, ovina akhala akudzipakira okha kwa zaka zambiri. Amatenga foundation yamadzimadzi ya kunkhope, yosachuluka mafuta, n'kuipaka ndi kasiponji pa nsapato ya kanvasi kapena ya satin, mopyapyala, kuphatikizapo lasitiki ndi riboni. Ikauma usiku wonse amapakanso kachiwiri ngati pakufunika. Chitani zimenezi kudakali sabata, osati usiku wa dzulo lake, chifukwa yosauma bwino imadetsa tayiti. Pa chikopa foundation simagwira bwino.

Nsapato

Ngati ndalama ndi zochepa, ziikeni apa. Nsapato ya ballet iyenera kugwira phazi ngati sokosi, yopanda mpata wokuliramo. Ikakula ngakhale ndi chala chimodzi, nsonga yake imapindika mwana akamakhwekhwereza phazi pansi, iye amayamba kukunga zala kuti isavuke, ndipo phazi lomwe likanaoneka lokongola limaoneka lofooka. Ikachepa, zala zimapindika mkati ndipo mwana sangaime bwino ndi mwendo umodzi.

Kuyesa kwake kuli motere. Pitani masana kapena madzulo, pamene mapazi atupako, mwana atavala tayiti kapena sokosi zimene adzavale tsikulo. Aime, zidendene pamodzi, apinde mawondo. Apa phazi limatalika kwambiri, ndipo zala zonse ziyenera kugona mowongoka, chala chachikulu chikungokhudza nsonga popanda kupweteka. Kenako aloze phazi. Kuchidendene kutsale kansalu kochepa koti mungotsina ndi nsonga za zala. Mukatsina kambiri, nsapatoyo yakula. Yesani mapazi onse awiri chifukwa kawirikawiri limodzi limaposa linzake, ndipo funsaninso za m'lifupi, pakuti makampani amapanga nsapato imodzimodzi m'milifupi ingapo. Saizi ya nsapato ya ballet simafanana nthawi zonse ndi ya nsapato ya kusukulu. Ngati mukutuma wachibale ku Johannesburg kapena ku London kuti akugulireni, musamutumizire nambala chabe. Mwana aponde papepala ataima, mujambule mapazi onse awiri pensulo itaima chowongoka, muyeze utali ndi m'lifupi mu masentimita, n'kutumiza zimenezo.

Pali soli yathunthu ndi soli yogawika pawiri. Yathunthu imalimbana ndi phazi, motero imalimbitsa minofu, ndipo aphunzitsi ambiri amaifuna kwa ana oyamba. Yogawika imakakamira kunsi kwa phazi ndi kuonetsa kupindika kwake bwino, n'chifukwa chake ana okulirapo amaikonda. Mwana apite ndi mtundu umene wakhala akuphunzira nawo. Chikopa chimakhalitsa ndipo chimatamuka kutsata phazi pakapita makalasi angapo, choncho chigulidwe chogwira ndithu. Kanvasi satamuka kwenikweni, amachapika, koma amafupika akakumana ndi madzi otentha. Satin ndi yokongola koma imada msanga.

Gulani kudakali masabata awiri kapena atatu. Nsapato yatsopano imaterera ndipo imatulutsa matuza, pomwe yogulidwa miyezi itatu m'mbuyo mwina phazi laiposa kale. M'masabata amenewo mwana aivale m'kalasi kangapo. Nsapato za ballet zambiri zilibe ya kumanja ndi ya kumanzere zikamachokera ku shopu, ndiye lembani kachizindikiro mkati kuti iliyonse izolowere phazi lake.

Lasitiki isokedwe, osati kubayidwa ndi pini. Kuti mupeze posokera, pindirani chidendene cha nsapato kutsogolo mpaka chigone mkati. Pamene mpindirowo wathera mbali zonse ziwiri, pamenepo ndi pa lasitiki. Sokani mbali imodzi, mwana avale, mukokere lasitikiyo pamwamba pa phazi kuti muone kuthina kwake, kenako musoke mbali inayo. Igwire koma isasiye mzere wozama pakhungu. Singano ilowe m'nsalu ya mkati, pansi pa mphepete momwe mumadutsa kachingwe kothinitsira. Mukabaya kachingweko, sikadzakokekanso. Kachingwe kameneka kakokeni mwana ataponda pansi, pang'ono chabe, chifukwa kakathina kamadya mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene. Mangani mfundo, dulani kusiya masentimita 4 kapena 5, n'kubisa nsongazo mkati. Tizingwe tolendewera pamwamba pa phazi timasonyeza kusasamala, komanso mfundo ikamasuka mwana amaiponda.

Nsapato za pointe, zoimira pa nsonga za zala, si za mwana aliyense. Kawirikawiri aphunzitsi salola mwana kuziyamba asanafike zaka 11 kapena 12, ndipo ngakhale pamenepo amayamba aona mphamvu za akakolo ndi msana, chifukwa mafupa a phazi amakhala akukulabe. Musamugulire mwana nsapato zimenezi kuti akagometse pa audition ngati mphunzitsi wake sanamuyambitse. Akhoza kuvulala, ndipo osankhawo amazindikira msanga. Amene anayamba kale apite ndi peyala yomwe wavinira makalasi angapo, yosauma gwa ngati yatsopano komanso yosafooka kunsonga. Za kaunjika ayi, ndipo za mnzake ayi: zimayesedwa ndi katswiri pa phazi la mwini wake. Riboni imabwera yotalika mamita 2 kapena kupitirirako pang'ono. Iduleni zidutswa 4 zofanana, wotchani nsonga zake pang'ono ndi machesi kuti zisasosoke, musoke pa mpindiro womwe uja. Mfundo imamangidwa mkati mwa mwendo, m'kadzenje ka pakati pa fupa la kakolo ndi mtsempha wa kumbuyo, osati pa mtsempha penipeni, ndipo nsonga zibisidwe.

Anyamata

Mnyamata amavala tisheti yoyera yogwira thupi kapena leotard yoyera, ndi tayiti yakuda. Aang'ono nthawi zambiri amaloledwa kabudula wakuda wothina ndi sokosi zoyera zazifupi. Kabudula wa mpira amabisa ntchafu ndi chiuno, sayenera. Nsapato zikhale zoyera ngati sokosi ndi zoyera, zakuda ngati tayiti yakuda ikufika kuphazi, pokhapokha kalata itanena zina. Akayandikira zaka 11 kapena akayamba kutha msinkhu amafunika dance belt, chovala chamkati chothina chomwe chimagwira ndi kuteteza ziwalo podumpha. Imagulidwa potengera muyeso wa chiuno, mbali yaikulu imakhala kutsogolo, ndipo imavalidwa yokha mkati mwa tayiti. Poyamba imasowetsa mtendere, choncho aizolowere kwa sabata ziwiri. Ndi bwino bambo, amalume kapena mphunzitsi wamwamuna amufotokozere mofatsa kunyumba. Tayiti ikokedwe mokwanira kuti isalendewere pakati pa miyendo, ndipo ngati ikutsika, pindirani chiuno chake pa kalamba ka lasitiki.

Tsitsi ndi khungu

Khosi ndi nkhope zioneke, ndipo pasakhale chogwedera mwana akazungulira. Pozungulira, wovina amatembenuza mutu mwachangu kwambiri. Tsitsi lolemera limamukokera kumbali, ndipo mikanda imamumenya m'maso. N'chifukwa chake mesh yaitali ndi mikanda si za tsikuli. Tsitsi lathu lachilengedwe silifunika kuwongoledwa ndi mankhwala kuti mwana avine ballet. Mizere yoluka yopita kumbuyo kapena m'mwamba, yokathera pa bun (mfundo ya tsitsi) yaing'ono kumbuyo kwa mutu, imakhala yaudongo ndipo simasuka. Ngati muonjezera mesh, ikhale yochepa, yongokwanira kupanga bun yopepuka. Mwana wometa kapena wa tsitsi lalifupi apite choncho, litapesedwa bwino.

Mulukeni kudakali masiku atatu kapena anayi. Tsitsi lolukidwa dzulo limakoka khungu, mutu umawawa, ndipo mwana amaumitsa khosi. Uzani woluka kuti asakoke kwambiri m'mphepete mwa chipumi. Bun imangidwe ndi kalasitiki kamtundu wa tsitsi, ikutidwe ndi kaneti kopyapyala, n'kubayidwa ndi mapini otseguka ooneka ngati chilembo U, olowera m'mphepete kuloza pakati. Mukamaliza, mwana apukuse mutu mwamphamvu ndi kudumpha kangapo. Chilichonse chagwedera, konzani.

Mafuta odzola ndi msampha wina. Palibe kholo lofuna kuti mwana wake aoneke wotuwa pagulu, koma Vaseline kapena glycerine wopakidwa m'mawa wa tsikulo amatsalira pa barre ndi pansi pamene ana akhala n'kutambasula miyendo. Pansi pamaterera, ndipo angagwe ndi mwana wanu kapena wa wina. Amadetsanso tayiti. Mudzozeni bwino usiku, ndipo m'mawa mungopaka loshoni wopepuka pang'ono m'mawondo, m'zigongono ndi kumaso, kudakali maola angapo. M'manja ndi kumapazi musapake. Mafuta a tsitsi nawonso achepe, chifukwa thukuta limawatsitsira m'maso.

Ndolo zolendewera, zibangili, wotchi ndi mikanda ya m'khosi zitsale kunyumba. Zopaka kumaso ndi utoto wa zikhadabo n'zosafunika kwa mwana. Zikhadabo za kuphazi ziwengedwe mowongoka kudakali masiku awiri kapena atatu, osafupikitsa kwambiri, kuti zisaboole tayiti komanso kuti pakhale nthawi yopola ngati mwawengeza.

Yeserani zonse pamodzi

Kudakali sabata, mwana avale zonse, kuyambira panti mpaka bun, n'kuchita nazo kalasi yathunthu. Mphunzitsi wake aone. Apa m'pamene zimatulukira zomwe pagalasi la kunyumba sizioneka: lebulo loyabwa kumsana, chingwe chotsetsereka, lasitiki yothina. Sukulu zambiri zimapemphanso zithunzi kapena vidiyo musanaitanidwe. Zovala zake ndi zomwezi, ndipo mwana aime kutsogolo kwa khoma lopanda zinthu, la mtundu wosiyana ndi leotard, thupi lonse likuoneka mpaka kuphazi.

M'chikwama muike tayiti ina yapadera, chifukwa tayiti imang'ambika nthawi yosayenera, leotard ina ngati ilipo, singano yolowetsa kale ulusi, kasizasi, mapini a tsitsi, mapulasitala, madzi ndi kachakudya kosadetsa zovala monga nthochi. Tenganinso mapini otsekera osachepera 4. Nambala imabayidwa m'makona onse anayi mwana atavala kale leotard, dzanja lanu lili kuseri kwa nsalu kuti musamubaye, ndipo ikhale yosalala. Mukabaya makona awiri okha imapindika, osankhawo n'kulephera kuiwerenga ali patebulo.

Ku Britain ma audition ambiri a sukulu zogonera komweko amachitika m'miyezi yozizira, ndipo ana amadikira nthawi yaitali m'makonde. Minofu yozizira siitambasuka bwino. Mwana avale tirakisuti kapena juzi yotsegula kutsogolo, yoti avule osasokoneza tsitsi, ndi sokosi zochindikala pamwamba pa nsapato za ballet. Zonsezi avule asanalowe m'chipinda. Kuchokera kunyumba ayende ndi nsapato wamba, chifukwa soli ya nsapato ya ballet ikaponda madzi kapena mchenga imauma n'kuyamba kuterera. Fikani kudakali mphindi 45 kapena ola, ndipo apite kuchimbudzi musanamubaye nambala, popeza leotard imavulidwa yonse.